Phwando la m'mbali mwa nyanja

Phunziro ili lili ndi ndime zisanu ndi imodzi. Ndime imodzi ikwanira tsiku limodzi. Mphunzitsi kapena kholo awerenge mokweza, pang'onopang'ono. Ana amvetsere, kenaka ayankhe mafunso.

1. Nyanja ndi alendo

Iyi ndi nyanja ya Niassa. Ndi yaitali ndiponso yakuya. Kutalika kwake kupitirira makilomita 550. Pena kuya kwake kumafika mamita 700. Maiko atatu ali m'mbali mwake: Moçambique, Malawi ndi Tanzania.

Boma la Lago lili m'cigawo ca Niassa. Likulu lake ndi Metangula. Kumpoto kwa Metangula kuli Chuanga, Messumba ndi Cóbuè. Kumwera kuli Meluluca. Pafupi ndi Cóbuè pali cilumba ca Likoma. Cilumba cimeneci ndi ca dziko la Malawi.

Anthu a m'mbali mwa nyanja amasodza nsomba. Amalima cinangwa. Amayimba ndi kuvina.

Nthawi ya nkhondo alendo sanali kufika kunyanja. Ngakhale eni midzi ambiri anathawira ku Likoma ndi kumadera ena a Malawi. Pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere linasainidwa ku Roma, ndipo nkhondo inatha. Anthu anabwerera kwawo. Anamanganso nyumba, anasemanso mabwato. Patapita zaka, alendo odzaona malo anayamba kubwera.

Alendo ena amabwera pa galimoto kucokera ku Lichinga. Ena amabwera pa boti kucokera ku Likoma. Amagona m'nyumba za alendo za m'mbali mwa nyanja. Nyumba ina yotere, kumwera kwa Cóbuè, inapatsidwa dzina la Nkwichi. Dzinali linacokera ku mcenga wa pamalopo, umene umalira munthu akauponda.

Masiku ena nyumba ya alendo imakonza phwando pamcenga. Ophika amawocha nsomba ndi nyama pa makala. Zakudya zimaikidwa patebulo lalitali, ndipo mlendo aliyense amadzitengera yekha. Akatha kudya, anthu a m'mudzi amabwera kudzavina.

Kodi nsombazo zimacokera kuti? Nanga nsimayo? Nanga gule? Zonse zimacokera m'nyanja, m'munda ndi m'mudzi.

Yankhani:
a) Kodi likulu la boma la Lago ndi liti?
b) Chulani maiko atatu a m'mbali mwa nyanja.
c) Kodi alendo amafika bwanji kunyanja?

2. Cambo ndi kasawala

Kwaca. M'mudzi wina kumpoto kwa Metangula mabwato ali kubwera kumtunda. Mtsikana wa m'kalasi yoyamba waima pamcenga. Ali kudikira atate ake. Atate acezera panyanja usiku wonse.

Lero kuli phwando ku nyumba ya alendo. Amalume a mtsikanayu ndi ophika kumeneko. Abwera ndi dengu kudzagula nsomba.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" afunsa amalume.

"Tadzuka, kaya inu?" ayankha atate.

"Tadzuka. Ndifuna nsomba 20 za cambo."

Atate ayang'ana m'bwato. Awerenga. Muli nsomba 8 zokha za cambo. M'bwato la anzawo muli 5. Atate apukusa mutu.

"Kale bwato ili linali kudzaza," atero atate. "Masiku ano cambo cikusowa."

Pomwepo mlongo wake wa mtsikana uja afika ali kuthamanga. Wanyamula beseni. Paphewa pake pali neti ya udzudzu yonyowa.

"Amalume, gulaninso zanga! Ndapha zambiri!"

Amalume ayang'ana m'beseni. Atola kansomba kamodzi. Kali ngati cala.

"Mwanawe, aka n'ciyani?"

"Ndi kasawala, amalume."

"Kasawala akakula amakhala ciyani?"

Mnyamata akhala cete. Mtsikana ayankha: "Amakhala cambo, amalume."

"Eya. Lero ndikusowa nsomba 7 za cambo. M'beseni muno muli zoposa pamenepo, koma zagwidwa zisanakule."

Atate akhala pansi ndi ana awo. Awauza za cambo. Cambo cacimuna cimakumba kadzenje mumcenga pansi pa madzi. Cambo cacikazi cimaikira mazira, kenaka cimawatola ndi kuwasunga m'kamwa. Ana akaswa, mayi amawasungabe m'kamwa. Akakulako, amatuluka kukadya. Akaona mdani, amathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Pambuyo pake amakulira m'madzi osaya, pafupi ndi bango. Apo ndi pamene neti ya udzudzu imawakokolola. Maso a netiyo ndi aang'ono kwambiri. Palibe kansomba kangathawe.

Mnyamata ayang'ana m'beseni. Tinsomba tina tikali kuphiriphitha. Anyamula beseni, alowa m'madzi, atitaya. Tisambira, tipita.

"Acimwene, nanga netiyo?" afunsa mtsikana.

"Ndikaicapa, ndikaipacika pogona," ayankha mnyamata.

"Wacita bwino," atero atate. "Neti imeneyo ndi yoteteza ku malungo."

Amalume agula nsomba 13 za cambo. Aonjezera kampango ndi utaka. Dengu ladzaza.

Yankhani:
a) Kodi kasawala ndi mwana wa nsomba yanji?
b) Kodi cambo cimasunga kuti ana ake?
c) Kodi nchito ya neti ya udzudzu ndi yotani?

Masamu: 8 + 5 = ___ 20 - 13 = ___

Ndagi: Mayi uyu sabereka ana kumsana, amaberekera m'kamwa. Ndani?

3. Kucokera m'munda

Nsomba sidyedwa yokha. Imafuna nsima. Nsima ya kunyanja ndi kondowole. Kondowole amaphika ndi ufa wa cinangwa.

Ufa umenewu sukonzedwa tsiku limodzi. Amayi a mtsikana uja anayamba nchito masiku apitawo. Anapita kumunda ndi khasu. Anakumba cinangwa. Anacisenda, anaciviika m'madzi. Cinakhala m'madzi masiku angapo mpaka cinafewa. Kenaka anacitsuka, anaciyanika padzuwa. Citauma, anacisinja mumtondo, ndi kusefa.

"Amayi, bwanji simungosinja osaviika?" afunsa mtsikana.

"Cinangwa cowawa cili ndi ululu, mwanangu. Munthu akadya cosaviika amadwala. Madzi ndi dzuwa zimacotsa ululuwo."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Ambuye ako, amayi anga. Iwonso anaphunzira kwa amayi awo."

Cinangwa si mbewu ya kuno kokha. Cinacokera ku South America. Apwitikizi anabwera naco ku Africa pa zombo, zaka zoposa 400 zapitazo. Anthu a kunyanja anacilandira cifukwa cimabereka ngakhale m'nthaka ya mcenga, ndipo cimapirira mvula ikacepa.

Masamba a cinangwa nawonso ndi ndiwo. Dzina lake ndi cigwada. Amayi amachola masamba anthete, amawasinja, amawaphika nthawi yaitali mpaka apse bwino. Pena amathira nsinjiro.

Lero amayi anyamula ufa m'licero. Amayi anzawo anyamula matimati, anyezi, ndimu, tsabola ndi nthoci. Bambo wina akoka mbuzi. Agogo ena atenga nkhuku ziwiri. Onse apita ku nyumba ya alendo kukagulitsa. Pobwerera amayi agula sopo, mcere ndi kope la mwana wawo.

Yankhani:
a) Kodi kondowole amaphika ndi ufa wanji?
b) Cifukwa ciyani amayi amaviika cinangwa?
c) Kodi masamba a cinangwa amachedwa ciyani?

Werengani:
ca ce ci co cu
cambo, cala, cinangwa, cigwada, cule

4. Makala ayaka

Dzuwa lili kulowa kutsidya kwa nyanja. Madzi afiira. Pamcenga ayatsa nyali. Amalume asonkha moto, adikira makala afiire. Aika waya pamwamba pake.

Poyamba amalume asamba m'manja ndi sopo. Apala mamba a nsomba, azitumbula, azitsuka. Azicekaceka m'mbali. Athira mcere, ndimu, adyo ndi tsabola pang'ono. Aziika pawaya. Mafuta adontha pa makala: thii! Fungo lifika mpaka kumudzi.

Amalume sacoka pamoto. Atembenuza nsomba kuti ipse mbali zonse. Nsomba yosapsa imadwalitsa m'mimba. Nsomba yopserera imawawa. Mnzawo ali kuwocha nkhuku ndi kanyenya wa mbuzi. Mpeni wodulira nyama yaiwisi saugwiritsa pa cakudya cakupsa asanautsuke.

Patebulo lalitali pali zakudya zambiri. Pali cambo, kampango ndi utaka. Pali usipa wokazinga. Pali kondowole, mpunga ndi mbatata. Pali cigwada ndi nyemba. Pali nthoci ndi mapapaya. Zonse azivundikira kuopa nchenche.

Alendo afola pamzere. Aliyense atenga mbale. Aliyense adzitengera cimene afuna. Kumudzi amayi ndi amene amagawa cakudya, ndipo ana amadyera pamodzi. Paphwando lotere sizitero. Koma mwambo wabwino ndi umodzi: munthu atenge cimene angamalize, akumbukire amene ali kumbuyo kwake.

Anthu odzavina afika. Akhala pambali. Mtsikana uja wabwera ndi ambuye ake. Ali kuyang'ana alendo.

Mayi wina wacilendo watenga kondowole. Ayesa kudula ndi foloko. Kondowole akana. Akoka foloko, kondowole atsatira. Akokanso, mbale inyamuka. Mtsikana agwira pakamwa kuti asaseke.

"Usaseke mlendo," anong'ona ambuye. "Kwawo kulibe kondowole. Iwenso kwawo ukhoza kusowa pogwira."

Ambuye anyamuka. Apempha madzi. Asamba m'manja, ndipo mlendo asambanso. Ambuye atema kondowole pang'ono, aumba m'dzanja, abowola ndi cala, asunsa mumsuzi. Mlendo ayesa. Ulendo woyamba alephera. Ulendo waciwiri akhoza. Adya, amwetulira.

"Obrigada," atero mlendo m'Cipwitikizi.

"Nenani kuti zikomo," atero ambuye.

"Zikomo," atero mlendo. Onse aseka pamodzi.

Yankhani:
a) Kodi amalume acita ciyani asanagwire nsomba?
b) Cifukwa ciyani zakudya azivundikira?
c) Kodi ambuye aphunzitsa mlendo ciyani?

Kumbukirani: makala amaoneka ozima koma akali kutentha. Mwana asasewere pafupi ndi moto.

5. Ng'oma zilira

Alendo atha kudya. Mwezi watuluka. Ng'oma iyamba kulira.

Amayi alowa m'bwalo. Onse avala nsalu zofanana. Ayimba, aomba m'manja, azungulira. Gule ameneyu ndi cioda. Cioda ndi gule wa amayi ndi atsikana. Nyimbo zake zimanena za moyo wa m'mudzi. Zina zimayamikira, zina zimalangiza, zina zimadzudzula ulesi.

Ambuye akodola mdzukulu wawo. Mtsikana acita mantha. Alendo ndi ambiri, onse ali kuyang'ana. Miyendo yake ilemera.

"Ambuye, ndilakwitsa."

"Mdzukulu wanga, usayang'ane alendo. Mvera ng'oma. Vina monga umavinira pakhomo."

Mtsikana alowa m'bwalo kumbuyo kwa amayi ake. Amvera ng'oma. Phazi litsatira. Mantha atha. Amayi alulutira.

Tsopano kulira ng'oma yaikulu: di! di! di! Abambo alowa atafola mizere. Avala zoyera. Aponda pamodzi, atembenuka pamodzi, ngati asilikali. Gule ameneyu ndi mganda. Atate a mtsikana ali mumzere waciwiri.

Ovina mganda amaliza malipenga. Lipenga amalipanga ndi cikho couma. Amacibowola, ndipo pabowo lina amamatapo kansalu koyera ka kangaude. Munthu akayimbira m'cikhomo, mawu amatuluka onjenjemera.

Mganda unayamba pambuyo pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Amuna a m'mbali mwa nyanja anaona mmene asilikali anali kugubira ndi kuliza malipenga acitsulo. Iwo anatenga zikho ndi ng'oma zawo, napanga gule wawowawo. Gule ameneyu amavinidwa mbali zonse ziwiri za nyanja, ndi ku Likoma komwe. Kumadera ena a Malawi amachedwa malipenga.

Gule atha. Alendo aomba m'manja. Woyang'anira nyumba ya alendo apereka ndalama zimene anapangana. Mtsogoleri wa gule aziwerenga pamaso pa onse. Zina agawana. Zina asunga zogulira cikopa ca ng'oma ndi nsalu. Kenaka ovina asamba m'manja, adya nawo nsomba ndi kondowole.

Pobwerera kumudzi mtsikana afunsa: "Ambuye, kodi cioda ndi gule wa alendo?"

"Iyayi. Alendo aona pang'ono cabe. Cioda ndi ca mudzi. Tikakolola, midzi imayenderana, timavina mpaka miyendo itope, popanda wotilipira. Akulu anati mlendo ndi mame. Mawa alendo apita, koma ng'oma itsala kuno."

Yankhani:
a) Kodi cioda amavina ndani?
b) Kodi lipenga la mganda amalipanga ndi ciyani?
c) Kodi ovina acita ciyani ndi ndalama?

Werengani:
nga nge ngi ngo ngu
ng'a ng'e ng'i ng'o ng'u
ngoma, ng'oma, ng'ona, mcenga

Ngoma ndi nyama ya m'chire. Ng'oma ndi yovinira gule.

6. Kuzilumba zakutali

Phwando lotere silicitika ku Niassa kokha. Kutali kwambiri, kum'mawa, kuli nyanja yaikulu ya mcere yochedwa Pacific. M'nyanja imeneyo muli zilumba zambiri. Gulu lina la zilumbazo limachedwa Melanesia. Kumeneko kuli Papua New Guinea, Solomon Islands, Vanuatu, Fiji ndi New Caledonia. Anthu ake ndi akuda. Ambiri amasodza ndi kulima, monga anthu a ku Lago.

Ku Fiji ndi ku Vanuatu kumafika alendo ambiri. Mahotela a kumeneko amakonza madzulo a phwando. Alendo amadzitengera cakudya, kenaka amaonera magule.

Kaphikidwe kawo ndi kosiyana ndi ka kunyanja ya Niassa. Amakumba dzenje. Amaikamo nkhuni ndi miyala, amayatsa moto. Miyala ikatentha kwambiri, amacotsa nkhuni zotsala. Amakulunga nsomba, nkhuku ndi nyama ya nkhumba m'masamba. Amaika pamiyala pamodzi ndi cinangwa, mbatata ndi koko. Amafunditsa masamba a nthoci, amakwirira. Pakapita maola angapo amafukula. Cakudya cimakhala citapsa, cofewa, conunkhira utsi. Ku Fiji kaphikidwe kameneka amati lovo. Ku Papua New Guinea amati mumu.

Ku Vanuatu kuli cakudya cochedwa laplap. Amapala cinangwa, cilazi, koko kapena nthoci zaziwisi mpaka zikhale phala. Amathira mkaka wa kokonati. Amakulunga m'masamba, amaphika ndi miyala yotentha. Cinangwa cimene ku Lago cimasanduka kondowole, ku Vanuatu cimasanduka laplap.

Magule aliponso. Ku Fiji kuli gule wochedwa meke. Amuna amavina ndi mikondo kapena zibonga. Akazi amavina ndi zokupizira mphepo. Ng'oma yawo ndi mtengo wogoba wopanda cikopa, dzina lake lali. Nyimbo za meke zimasimba mbiri ya makolo.

Pacilumba ca Gaua, ku Vanuatu, amayi amalowa m'madzi olekeza m'ciuno. Amamenya madzi ndi manja, onse pamodzi. Madzi amalira ngati ng'oma. Atsikana amaphunzira zimenezi kwa amayi awo ndi agogo awo.

Ku Melanesia kuli zinenero zambiri. Ku Papua New Guinea kokha zilipo zoposa 800. Ku Vanuatu zilipo zoposa 100. Ana a kumeneko amalankhula cinenero ca makolo awo, ndipo amaphunziranso cina. Ana a ku Lago amalankhula Cinyanja, ndipo amaphunziranso Cipwitikizi.

Yankhani:
a) Kodi lovo amaphikira pati?
b) Chulani cakudya cimodzi cimene cimapezeka ku Lago ndi ku Vanuatu komwe.
c) Kodi amayi a ku Gaua amaliza ciyani?

Nenani m'Cipwitikizi:
nyanja: lago
nsomba: peixe
moto: fogo
cinangwa: mandioca
gule: dança
bwato: canoa
cilumba: ilha

Nchito:
a) Jambulani cambo ndi ana ake.
b) Umbani kang'oma ndi dongo.
c) Funsani akulu kunyumba maina a nsomba zisanu. Mawa muwachule m'kalasi.

Mawu kwa makolo

Mwana wa m'kalasi yoyamba amaphunzira kuwerenga msanga ngati mawu a m'buku ndi amene amawamva pakhomo. N'cifukwa cake phunziro ili likunena za cambo, kondowole, cioda ndi mganda. Mwana akadziwa kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja, luso lomwelo limamuthandiza akayamba kuwerenga Cipwitikizi. Kholo losadziwa kuwerenga lingathandizenso: mwana asimbe nkhani, kholo limvetsere, lifunse mafunso, likonze pamene mwana waphonya za usodzi, za munda kapena za gule. Pa zimenezi kholo limadziwa kuposa buku.

Nyanja ya Niassa ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere padziko lapansi. Mitundu ya m'banja la cambo, utaka ndi mbuna ipitirira 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. M'caka ca 2011 boma la Moçambique linalengeza kuti mbali yake ya nyanjayi ndi malo otetezedwa. Caka comweco nyanjayi inalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, limene limateteza nyanja ndi madambo ofunika m'maiko ambiri. Lamulo limaletsa kusodza ndi neti ya udzudzu. M'midzi yambiri ya asodzi munakhazikitsidwa makomiti ochedwa CCP, oti aziyang'anira kasodzedwe. Koma komiti singaone mwana aliyense amene ali pabango ndi neti. Amene amamuona ndi makolo ake. Mwana akabwera ndi kasawala, kumukalipira kokha sikukwanira. Afunika kuuzidwa mmene cambo cimaberekera, monga anacitira atate a m'nkhaniyi. Neti ikapita kunyanja, banja limataya kawiri: nsomba za mawa zimatha, ndipo mwana amagona wosatetezedwa ku malungo.

Nyumba za alendo zimabweretsa msika pafupi. Zimagula nsomba, ufa, ndiwo ndi zipatso, ndipo zimalemba nchito anthu a m'midzi. Gulu la gule likaitanidwa, ndi bwino kupangana malipiro lisanavine, kuwerenga ndalama poyera, ndi kusungako zina za gulu. Ana ovina nawo apite ndi wamkulu wa kubanja, abwerere nthawi yabwino, asajombe kusukulu m'mawa mwake. Ana asazolowere kutsatira alendo ndi kupempha ndalama. Mlendo amene afuna kujambula mwana ayambe wapempha kwa makolo. Gule wa mwambo amene saonetsedwa kwa aliyense asatengedwe kupita kuphwando la alendo. Akulu a mudzi ndi amene amadziwa gule woyenera pabwalo lotere.

Mwana amene amaona alendo ocokera kutali akudya kondowole ndi kuombera m'manja mganda amazindikira kuti za kwawo ndi zamtengo. Koma asaganize kuti mtengo wake ndi ndalama za alendo zokha. Nsomba ndi ndiwo za banja poyamba, ndipo gule ndi wa mudzi poyamba. M'mera mpoyamba: mtsikana aphunzire kuviika cinangwa ndi kuponda cioda, mnyamata aphunzire kusoka ukonde wa maso oyenera ndi kubowola cikho ca lipenga, ndipo onse awiri aphunzire kulemba maina a zinthu zimenezi.

Sabata ino banja lililonse lipeze madzulo amodzi. Mwana awerenge mawu a m'ndime 3 ndi ndime 5. Agogo asimbe za nsomba zimene zinali kuphedwa iwo ali ana, ndi za midzi imene anapitako kukavina. Mwana asankhe nkhani imodzi, akaisimbe kusukulu Lolemba.